Masiku 21 a dripi yofiira

Ana anga, inu aphunzitsi achitsikana amene mumandipeza pakhonde tikaweruka kutchalitchi pano pa Domasi Mission, mwakhala mukundifunsa mmodzimmodzi, monong'ona, kuti ndinkagwira bwanji choko chaka chija ndinkalandira mankhwala a khansa ya m'mawere. Ndikuganiza kuti wina mwa inu wakhudza kachotupa posamba ndipo sakugona. Ndiyankha nonse pamodzi kuti iyeyo asadziwike.

Changa chinapezeka msanga. Anandichotsa bere, bala litapola ananditumiza ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kukayamba kemo. Ndinachita makani: chotupa mwachotsa kale, mankhwalawo ndi a chiyaninso? Tsiku lomwelo ndinadziyankha ndekha m'minibasi, ndikuyang'ana minda ya ku Namadzi. Kaufiti ukamuzula, timbewu take timatsalabe m'nthaka. Kemo amasaka timbewu tosaoneka ndi maso tija tisanamere m'mafupa, m'chiwindi kapena m'mapapo.

Musakopere za mnzanu wa pabenchi, chifukwa khansa ya m'mawere ili mitundumitundu. Kanyama kamene amadula pachotupa amakakapima, ndipo zotsatira zake ndizo zimalamula. Ena khansa yawo imakula ndi mahomoni a chizimayi. Amenewo amamwa piritsi la tamoxifen tsiku lililonse kwa zaka 5, nthawi zina mpaka 10. Ena imapezeka ndi chimene amati HER2, ndipo mankhwala ake, trastuzumab, ndi okwera mtengo zedi. Ena amayamba ndi kemo kuti chotupa chiphwe, opaleshoni pambuyo. Ena amafunikanso kuwotchedwa ndi makina, thandizo limene kwa zaka zambiri Amalawi ankalitsatira ku Lusaka, ku Tanzania kapena ku India. Funsani adokotala kuti yanu ndi ya mtundu uti, dripi idzakhala kangati, ndipo alembe m'buku lanu la kuchipatala. Kufunsa si mwano.

Ine anandipatsa doxorubicin, wofiira ngati Sobo wa cherry plum, pamodzi ndi cyclophosphamide, kanayi, masiku 21 aliwonse, kenaka paclitaxel. Mkodzo umafiira tsiku limodzi kapena awiri; musathamangire kuganiza kuti ndi magazi. Masiku atatu kapena anayi oyamba ndi a mseru. Fungo la usipa wokazinga kwa aneba linkandithamangitsira kuseri kwa nyumba. Mapiritsi oletsa kusanza imwani pa nthawi yake, osadikira kuti mseru uyambe. Idyani pang'onopang'ono koma pafupipafupi: phala, nthochi, mpunga wathu wa kusikimu wophika mofewa. Zilonda za m'kamwa zikayamba, chukuchani ndi madzi ofunda othira kamchere.

Tsitsi linayamba kuthothoka sabata yachitatu. Ndinaitana wometa wa pa Songani amalizitse. Duku loyera la Mvano linandisungira chinsinsi Lachinayi, masiku enawo mipango inagwira ntchito. Zikhadabo ndi zikhatho zinada. Zonsezi zimaoneka zoopsa pagalasi, koma sizipha munthu.

Chimene chingaphe chimabwera mwakachetechete. Kuyambira tsiku la 7 mpaka la 14 dripi italowa, asilikali a m'magazi amakhala atatsika kwambiri, ndipo ndi nthawi yomweyo imene mseru watha, chakudya chayamba kukoma, iwe n'kumadziona ngati wachira. Ulendo woyamba ndinapusitsika. Tsiku la 9 ndinalowa m'kalasi ya ana oposa 80, theka lawo akutsokomola, madzulo ake ndinakagona pamaliro. Patapita masiku awiri ndinali kunjenjemera m'mabulangete atatu. Bambo a kunyumba anati ndi malungo, timwe panado tione mawa. Akanapanda mlongo wanga kuumirira kuti tipeze galimoto usiku womwewo, bwenzi lero mukundiimbira nyimbo za kumanda. Gulani kachida koyezera kutentha kwa thupi. Kakafika 38, kaya ndi 2 koloko usiku, pitani kuchipatala chapafupi, ku Malosa kapena ku Zomba Central, ndipo mawu oyamba kunena pakhomo akhale akuti: ndili pa kemo. Akhoza kukhala malungo ndithu, kuno kuchigwa udzudzu susowa, koma zimenezo akanene ndi amene ayeza magazi.

Kuchokera pamenepo ndinajambula masiku 21 kuseri kwa buku langa la maphunziro, n'kupita nalo kwa ahedi. Poyamba ndinkafuna kubisa, kuopa kuti anzanga ayamba kundiyang'ana ngati maliro oyenda. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tinagwirizana kuti sabata yoyamba ndizigona, yachiwiri ndizichonga mayeso ndi kulemba masikimu kunyumba, yachitatu ndiziphunzitsa, makamaka m'mawa mphamvu zisanathe. Mnzanga wina anatenga kalasi yanga, ine ndinatenga zolembalemba zake. Sikoyenera kuuza sitafu yonse. Uzani amene amagawa ntchito ndi mnzanu mmodzi wosunga pakamwa.

Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limati amene wagwira ntchito miyezi 12 ali ndi ufulu wa tchuthi chodwala chosachepera masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro pachaka, akabweretsa kalata ya dokotala. A m'boma muli ndi malamulo anuanu. Kawafunseni ku ofesi musanayambe kujomba. Masiku amenewa musawamalize pa dripi yoyamba, chifukwa kutopa kumachita kuwunjikana. Dripi yachinayi inandigwetsa kuposa yoyamba. Paclitaxel naye anabweretsa dzanzi kunsonga za zala, moti choko chinkandipulumuka ndipo mabatani a bulauzi ankandimangira mwana. Dzanzi limenelo muwauze adokotala, akhoza kusintha mlingo.

Amene ntchito yawo ndi khasu kapena kusenza dengu la tomato alibe ahedi oti awapatse tchuthi. Amenewo agawiretu munda kwa abale, ndipo dzanja la mbali imene anachotsa timitsempha ta m'khwapa alisamale: alizoloweretse ntchito pang'onopang'ono, apewe mabala, likayamba kutupa akalionetse.

Ndalama ya thiransipoti isungeni padera ngati ya feteleza. Ndinaona amayi akusiya pa dripi yachiwiri chifukwa ndalama ya minibasi yasowa, ena chifukwa achibale anawatengera mabotolo a zitsamba ndi madzi opempherera. Pempherani, inenso a Mvano anandipempherera mpaka mawu kusasa, koma tsiku la dripi mukapezeke pamzere. Zitsamba zina zimalimbana ndi kemo m'chiwindi, choncho musamwe mobisa. Amene muli pa ma ARV musasiye, ingowauzani adokotala.

Ndipo inu amene simunabereke, kapena mukufunanso mwana, nenani dripi yoyamba isanalowe. Kemo amatha kuimitsa kusamba. Kwa achitsikana nthawi zambiri kumabwerera, kwa ife oyandikira zaka 45 kumapitiratu. Pa nthawi ya mankhwala mimba siyenera kuima, ndiye kambiranani ndi anamwino njira yolera yopanda mahomoni.

Tsitsi langa linayamba kumera patatha miyezi iwiri chimalizireni, lofewa ngati la khanda, ndi imvi zimene kale kunalibe. Dzanzi la kuphazi lamanzere ndikadali nalo, nchifukwa chake mumandiona ndikutsika masitepe a tchalitchi chammbali.