Chikhakha Chachoka, Nanga Mkono Waumiranji?

Munthu akathyoka mkono, achipatala amawongola fupa n'kumuika chikhakha. Chikhakha chimagwira fupa kuti lisasunthe pamene likulumikizana. Kwa munthu wamkulu, fupa la pafupi ndi dzanja limalumikizana pakatha masabata pafupifupi 6. La mwendo limachedwerapo.

Tsiku lochotsa chikhakha ambiri amakhumudwa. Mkono wawonda, khungu likufunduka, dzanja likukana kupindika. Ena amayamba kuganiza kuti fupa linalumikizidwa molakwika. Nthawi zambiri fupalo limakhala lili bwinobwino. Zauma ndi mfundo, yafooka ndi minofu.

Mfundo ndi pamene mafupa awiri akumana. Nsonga za mafupawo n'zokutidwa ndi chicherewecherewe, ndipo pakati pake pali timadzi toterera. Chicherewecherewe chilibe mitsempha ya magazi. Chakudya chake chimachokera m'timadzi timeneti, ndipo timadzito timafika paliponse mfundo ikamayenda. Mfundo ikakhala masabata angapo chikhalire, minyewa yoizungulira imakhwinyata n'kuuma ngati chikopa cha mbuzi chosiyidwa padzuwa. Minofu nayo ikasowa ntchito imachepa. N'chifukwa chake mkono umawonda.

Mankhwala ake ndi mafizo, ndipo amayamba chikhakha chisanachoke. Zala zomwe zili kunja muzizifumbata ndi kuzitambasula kangapo pa tsiku. Minofu ikamafinya chonchi imakankha magazi kubwerera kumtima, kutupa n'kumachepa. Pogona, tsamiritsani mkonowo pa pilo kuti ukwere kuposa chifuwa. Koma zala zikachita dzanzi, zikazizira kapena kusintha mtundu, kapena ululu ukamakulirakulira, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Chikhakha chikhoza kukhala kuti chathina.

Chikachoka, ikani mkono patebulo, dzanja lilendewere m'mphepete. Lipindeni pansi pang'onopang'ono, muwerenge mpaka 20, kenako mulikweze m'mwamba. Tembenuzani chikhatho chiyang'ane kudenga, kenako pansi. Gundanitsani chala chachikulu ndi chala chilichonse. Kumva kukoka n'kwabwino, ndiye kuti minyewa ikutambasuka. Ululu wolasa ndiwo wokuuzani kuti musiye. Ndipo musalole wachibale kukupindani dzanja mwamphamvu poti lichire msanga. Kutero kumangotupitsa mfundo, mawa lake n'kuuma kuposa dzulo. Pang'ono tsiku lililonse n'kothandiza kuposa kudzizunza kamodzi pa sabata.

Phewa limaiwalika, chonsecho limavutika nawo. Munthu wokoleka mkono pansalu amayenda chowerama, phewa litagwera kutsogolo, mpaka khosi limayamba kuwawa. Imani mutatsamira khoma, matako ndi msana zikhudze khomalo, mukokere mapewa kumbuyo, chibwano musachikweze. Mukatero tembenukani, muyendetse zala pakhoma kukwera m'mwamba mpaka pomwe mungafike. Lembani pamenepo ndi khala, sabata yamawa mudzaone ngati mwapitirira.

Khasu, musi ndi ndowa yodzaza madzi zidikire kaye mpaka achipatala atakulolani, chifukwa fupa longolumikizana kumene limakhala lisanakhwime. Mkono ukapanda kusintha pakatha masabata angapo, funsani za mafizo pachipatala cha boma lanu. Pakafunika angakutumizeni ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli akatswiri a mafizo.

Kambiranani: N'chifukwa chiyani mkono umawonda ukakhala m'chikhakha? Kodi kwanuko, munthu akachotsedwa chikhakha, achibale amamusamalira bwanji?