"Ndi Wamwano" Kapena "Ali ndi Tulo"?

Khanda likamalira madzulo, amayi amati, "Ali ndi tulo, m'berekeni agone." Koma mwana yemweyo akafika zaka zinayi n'kumadzigwetsa pansi kapena kumenya anzake kusukulu ya mkaka, mawu amasintha. Timati, "Ndi wamwano." M'nkhani ino tiona kuti kusiyana kwa ziganizo ziwirizi n'kwakukulu. Mawu akuti "ali ndi tulo" amanena za chinthu chobwera n'kupita, pamene akuti "ndi wamwano" amamata khalidwe pa mwana ngati dzina lake. Zochita zathu zimatsatira mawuwo: watulo timamugoneka, wamwano timamuthyolera kamtengo.

Chitsanzo ndachiona kunyumba kwa achemwali anga ku Area 47 mu Lilongwe. Mwana wawo wa zaka zinayi ankaonera wailesi yakanema mpaka 10 koloko usiku. Pofika 5 koloko m'mawa ankadzutsidwa kuti asambe, amusiye kusukulu, makolo akafike ku City Centre magalimoto asanathinane pamsewu. Ankagona maola 7 okha. Aphunzitsi anadandaula kuti sakhazikika ndipo amaluma anzake.

Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a chaka cha 2019 amati mwana wa zaka 3 mpaka 4 azigona maola 10 mpaka 13 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana. Chosokoneza n'chakuti munthu wamkulu akasowa tulo amawodzera, koma mwana kawirikawiri amatakataka ndi kupsa mtima msanga. Tikamuona akuthamangathamanga, sitiganizako kuti watopa.

Nthawi zina maola amakwana koma tulo take n'todukizaduka. Mu 2012, Karen Bonuck ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa ana oposa 11,000 a ku England. Anapeza kuti ana oliza mkonono, opumira kukamwa kapena obanika kutulo ankavuta kwambiri pa khalidwe pofika zaka 7 kuyerekeza ndi anzawo opuma bwino. Kwathu kuno mkonono wa mwana timauseka, tikumati watengera agogo ake, chonsecho mwina ndi zotupa zakukhosi zofunika kuti dokotala azione.

Vutoli silisankha dera. Ku Area 10 kapena Area 43 tulo timabedwa ndi foni ndi kanema. Pafupi ndi malo omwera mowa ku Old Town timabedwa ndi nyimbo zosokosa usiku. Kulikonse kumene kulibe neti, udzudzu umachita zake.

Sikuti mwano wonse umachokera ku tulo. Njala, matenda ndi mikangano ya makolo nazonso zimasintha mwana. Koma funso la tulo ndi losavuta kuliyankha. Achemwali anga atayamba kuzimitsa kanema 7 koloko, madandaulo a aphunzitsi anachepa, ngakhale sanatheretu.

Pomaliza, ife ophunzira chiyankhulo tiyenera kudziwa kuti mawu amalamula dzanja. Tisananene kuti "ndi wamwano", tiyambe tafunsa kuti, "Kodi dzulo anagona nthawi yanji?"