R Ikakana Kumanga Package, Yambani Kuwerenga Kumwamba

Ambiri mwa ife amene tikuphunzira za uphunzitsi timakumana ndi pulogalamu ya R pa kosi ya kafukufuku. Ndi yaulere, ndipo imatithandiza kuwerengera malikisi a ana ndi kujambula magirafu a mu lipoti. Koma tsiku lina tikafuna kuika ma package atsopano m'malo mwa akale, sikirini imadzaza ndi zilembo zothamanga, kenako pansi penipeni pamabwera mawu akuti "had non-zero exit status". Package sinalowe, ntchito yaima, ndipo lipoti likufunika Lolemba. Mu phunziro lino tiona chimene chimachitika ndi mmene tingachikonzere.

Chimanga ndi ufa

R inayambitsidwa ndi Ross Ihaka ndi Robert Gentleman ku University of Auckland ku New Zealand, ndipo ma package ake amasungidwa pa CRAN, nkhokwe imene inayamba mu 1997. Ma package ambiri sanalembedwe mu R mokha. Mbali zina zinalembedwa mu C, C++ kapena Fortran kuti zizithamanga, ndipo kompyuta singazigwiritse ntchito zisanamangidwe.

Package imabwera m'njira ziwiri. Ya "source" ili ngati chimanga: muli chakudya, koma chiyenera kupita kaye kuchigayo. Ya "binary" ili ngati ufa wogaya kale. Chigayocho ndi pulogalamu yotchedwa compiler. CRAN imakonza ma binary a Windows ndi macOS, koma pa Linux imatipatsa source, choncho kugaya kumachitikira pa kompyuta yathu.

Funso limene timayankha mothamanga

Pa Windows ndi Mac, R nthawi zina imafunsa kuti: "Do you want to install from sources the packages which need compilation?" Tanthauzo lake n'lakuti mwini package watulutsa mtundu watsopano, koma CRAN sinaugayebe. Ambiri timavomera poganiza kuti chatsopano ndicho chabwino, osadziwa kuti tatenga chimanga tilibe chigayo. Yankho labwino kwa ambiri a ife ndi "no". Tidzalandira binary yotsalira pang'ono, yokwanira ntchito yathu, ndipo yatsopanoyo kawirikawiri imafika pakapita masiku ochepa.

Funsoli likamabwera pa package iliyonse, mwina R yathu ndiyo yakalamba. CRAN imaleka kukonza ma binary atsopano a mitundu yakale ya R, ndiye kudikira sikuthandiza. Pamenepo tiike R yatsopano.

Mzere womaliza sunena chifukwa

Mwana akalakwa samu, mphunzitsi wabwino samangoyang'ana yankho. Amatsata mzere ndi mzere mpaka apeze pamene mwanayo anayambira kusokonekera. Uthenga wa R umafuna kuwerengedwa chimodzimodzi. Mawu a "non-zero exit status" amangotiuza kuti kumanga kwalephera. Chifukwa chake chili kumwamba, pamene tikuona koyamba mawu ngati "error" kapena "not found". Zimene timapeza pamenepo nthawi zambiri ndi zinayi.

Choyamba, chigayo palibe. Uthenga umanena kuti "make" kapena "gcc" sinapezeke. Pa Windows timaika Rtools yogwirizana ndi R yathu: Rtools43 ndi ya R 4.3, Rtools44 ndi ya R 4.4. Ndi fayilo ya mamegabaiti mazana angapo, choncho ndi bwino kuitenga pa Wi-Fi ya pakoleji kusiyana ndi kuthera bandulo. Pa Mac timaika Xcode Command Line Tools, pa Ubuntu timaika r-base-dev.

Chachiwiri, laibulale ina ikusowa. Ma package ena amadalira malaibulale a C amene ayenera kukhala kale m'kompyuta, kunja kwa R. Mwachitsanzo, xml2 imadalira libxml2. Ikasowa timaona mawu akuti "libxml-2.0 was not found", kapena dzina la fayilo yothera ndi .h imene sinapezeke. Pa Ubuntu laibulaleyo ikhoza kukhalapo koma kumanga n'kukanikabe, chifukwa mafayilo a .h amabwera padera, m'dzina lothera ndi -dev. Motero xml2 imafuna libxml2-dev, curl imafuna libcurl4-openssl-dev, ndipo openssl imafuna libssl-dev. Izi timaziika mu Terminal, osati mu R:

sudo apt install libxml2-dev

Lamuloli limafuna chilolezo cha woyang'anira kompyuta. Tikakhala mu labu, tilembe dzina la laibulaleyo n'kuwapatsa oyang'anira labu.

Chachitatu, package imodzi yagwetsa zinzake. Tikaika tidyverse, imabwera ndi ma package ambiri odalirana. Xml2 ikalephera, rvest imalepheranso, kenako tidyverse yomwe. Timaona zolakwika zisanu kapena khumi, chonsecho vuto ndi limodzi. Tikonze loyambalo, ndipo tiike package imeneyo payokha tisanabwerere ku zinazo.

Chachinayi, ntchito inadukira pakati. Magetsi akazima kapena tikatseka R ili mkati moika package, imasiya foda yoyamba ndi 00LOCK pamalo osungira ma package. Tikayesanso, imakana ndi mawu akuti "failed to lock directory", n'kutiuza pamene fodayo ili. Tiifufute, tiyambirenso. Pa Windows, mawu akuti "cannot remove prior installation" amatanthauza kuti package yakaleyo ikugwirabe ntchito. Titseke R, titsegulenso, tiike tisanatsegule china chilichonse.

Tikasintha R yeniyeniyo

Package yomangidwa pa R yakale siigwira ntchito nthawi zonse pa yatsopano. R 4.0.0 itatuluka mu Epulo 2020, ma package onse anayenera kuikidwanso. Lamulo ili limapeza omangidwa pa mtundu wakale n'kuwaikanso:

update.packages(checkBuilt = TRUE)

Tisankhenso nthawi yoyenera. Ngati R ikuyenda bwino ndipo lipoti likufunika sabata ino, tiisiye mmene ilili mpaka titapereka ntchito. Tikafuna thandizo kwa mnzathu kapena kwa aphunzitsi, titumize uthenga wonse kuyambira kumwamba, pamodzi ndi mtundu wa R ndi wa Windows, Mac kapena Ubuntu imene tikugwiritsa ntchito. Chithunzi cha mzere womaliza chokha sichingawauze kanthu.

Mafunso okambirana

1. Kodi source imasiyana bwanji ndi binary, nanga n'chifukwa chiyani ogwiritsa ntchito Ubuntu amakumana ndi vutoli kawirikawiri?
2. Mnzanu wakuonetsani zolakwika zisanu ndi ziwiri ataika tidyverse. Muyamba kuyang'ana pati?
3. Mukadzakhala ndi kalasi yanu, mudzawaphunzitsa bwanji ana kuwerenga uthenga wa kompyuta asanaitane aphunzitsi?