Azakhali, chibwenzi changa chimagona ndi lata la m'kompyuta

Azakhali,
Mnyamata amene akufuna kundikwatira anaphunzira uinjiniya ku UNZA. Usiku wonse maso ali pa laputopu, kuonerera lata likufufuma, likusintha mitundu mpaka kung'ambika. Akuti akukonza chida choyesera malata. Atate anga, amene amakhoma mbaula ndi zidebe ku Kapata, akuti mkamwini wosagwira hamala adzatigonetsa ndi njala. Ndimusiye?
Wodandaula, Chipata

Mwanawe,
Anzako akulira amuna ogona kumowa, iwe ukuchitira nsanje lata? Pukuta misozi ndikuuze za mkazi mnzakoyo.

Lata lililonse lili ndi polekezera kutamuka. Ofuna kudziwa malirewo amachita mayeso a Erichsen: amapana lata m'mbali, n'kulikankha pakati ndi chitsulo chobulungira cha mamilimita 20 mpaka mng'alu uoneke, kenako amayeza kuya kwa dzenjelo. Mayeso a Nakajima amafuna chokankhira cha mamilimita 100 ndi zidutswa zosiyana m'lifupi. Chida chotere amachisema pa chitsulo cholimba chodula, ndipo chikalakwika, lata limang'ambikira m'mphepete mopanidwamo m'malo mwa pamwamba pa chotupacho. Mayeso afa, ndalama zapsa.

N'chifukwa chake mnyamatayo akuyamba walakwitsira m'kompyuta, momwe kulakwa kumangodya magetsi, akakhalapo. Mapulogalamu ngati LS-DYNA ndi AutoForm amagawa latalo m'tizidutswa tambirimbiri, n'kuwerengera pomwe lipyapyale, pomwe lichite makwinya, ndi mmene libwererere likamasulidwa. Mitundu ukuionayo si maluwa otumizira atsikana ayi.

Koma atate akonso usawaseke. Kompyuta imadya manambala omwe waipatsa: kuchindikala kwa lata, kulimba kwake, kuterera kwa mafuta. Ukainamiza, nayonso ikunamiza mokongola. Lata latsopano la ku Down Shops mwina ilidziwa, nanga dramu lakale lomwe akuluwo amalitambasula ndi hamala? Iwo amangoligogoda, khutu n'kuwauza ngati lipirire.

Loweruka mutenge mnyamatayo, apite ku Kapata atavala malaya akale. Akapemphe atate ako zidutswa zoyesera, akhale pansi, afunse mwaulemu. Chala chikaphwanyika usalire, chimapola.

Ndipo ngati kwanu n'kwa mfumu Mpezeni, umuuziretu kuti ng'ombe za malowolo zikhale zopuma ndi zodya msipu. Za pa laputopu azakhali ako salandira.