Chimbale Chikakana Kuwerengeka pa Kompyuta



M'makomo ndi m'maofesi mwathu muli zimbale za CD ndi DVD zimene tinasungapo zinthu zofunika: kanema wa nikah, zithunzi za achibale amene anatisiya, mawu a owerenga Qur'an, ngakhalenso malipoti a chuma. Zambiri mwa zinthuzi sizinasungidwe pena paliponse. Chimbale chikakana kutseguka, ambirife timathamangira kuchipukuta ndi malaya kapena kuchitaya. Tisatero. Vuto limakhala pa chimodzi mwa zinthu zitatu: drayivu yowerengera, chimbale chenichenicho, kapena mmene chinabenedwera. Tiyambe tapeza cholakwikacho.

Zimene zimachitika pobena

M'kati mwa CD-R kapena DVD-R muli utoto wopyapyala kwambiri. Pobena, kuwala kwa laser kumatentha timadontho pa utotowo, kuyambira pakati pa chimbale n'kumazungulira mpaka m'mphepete. Powerenga, kuwala kofooka kumaunika timadonthoto. Choncho chilichonse chotchinga kuwala kapena chowononga utoto chimalepheretsa kompyuta kuwerenga.

Choyamba: yesani posinthanitsa

Ikani chimbale chovutacho mu kompyuta ina. Kenako ikani chimbale china, chimene mukudziwa kuti n'chabwino, mu kompyuta yanu. Ngati kompyuta yanu ikukana zimbale zonse, vuto ndi drayivu. Ngati chimbale chanucho chikukanidwa paliponse, vuto ndi chimbale kapena kabenedwe kake.

Vuto likakhala drayivu

Werengani zolembedwa pa kachitseko ka drayivu. Drayivu ya CD yokha singawerenge DVD, chifukwa timadontho ta DVD n'tating'ono kwambiri ndipo timafuna kuwala kwa mtundu wina. M'drayivu ya DVD, kuwala kwa CD ndi kwa DVD kumachokera kosiyana, n'chifukwa chake ina imawerenga CD koma n'kumakana DVD. Makina ena akale amakananso DVD+R kapena CD-RW.

Fumbi la m'chilimwe limaphimba kagalasi kamene kuwala kamadutsira. Pa laputopu kagalasika kamaoneka mukatsegula drayivu. Kapukuteni mopepuka ndi kathonje koyera, kompyuta ili yozimitsa. Ngati Windows sakuonetsa drayivu n'komwe, ifufuzeni mu Device Manager. Ikakhala kuti inafa, drayivu yolumikiza pa USB imagwira ntchito yomweyo.

Vuto likakhala chimbale

Chiyang'aneni pa kuwala. Zidindo za zala ndi mafuta zimachoka ndi kansalu kofewa konyowetsa pang'ono. Pukutani molunjika kuchokera pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira. Kukandika kotsatira mzere wa timadontho kumawononga zambiri motsatizana, pomwe kukandika kodutsa mzerewo kompyuta imatha kukukonza yokha.

Pa CD, mbali imene timalembapo dzina ndiyo yosalimba, chifukwa utoto uli pafupi ndi pamwamba penipeni. Kulembapo ndi bolopeni kungaboole n'kuwononga zonse za pamalopo. Gwiritsani ntchito maka yofewa. Pa DVD utoto uli pakati pa mapulasitiki awiri omatidwa. Dzuwa ndi kutentha zimafufutitsa utoto wa zimbale zonse, choncho musazisiye pawindo kapena m'galimoto.

Vuto likakhala kabenedwe

Apa ndi pamene ambiri timakodwa. Chimbale chimafunika kutsekedwa pomaliza kubena. Pulogalamu zambiri zimalemba kuti Finalize kapena Close. Chosatsekedwa chimatha kuwerengeka pa kompyuta imene inachibena n'kumaoneka chopanda kanthu kwina. Chibwezereni ku kompyuta yoyambayo mukachitseke.

Windows amafunsa njira ziwiri pobena: Like a USB flash drive ndi With a CD/DVD player. Ngati chimbale chikupita kwa anthu ena kapena chikaseweredwa pa wailesi, sankhani yachiwiriyo.

Liwiro nalonso n'lofunika. Kubena mothamanga pa zimbale zotchipa kumasiya timadontho tosaoneka bwino. Tsitsani liwiro, monga 4x kapena 8x pa DVD, ndipo chongani Verify kuti kompyuta ifananitse zimene yalemba ndi mafayilo enieni. Musadzazitse: CD imatenga 700 MB kapena mphindi 80 za mawu, DVD wamba 4.7 GB. Magetsi akathima kubena kuli m'kati, CD-R kapena DVD-R imeneyo nthawi zambiri siibwereranso. Pobenera pa laputopu, onetsetsani kuti batire ili ndi moto wokwanira.

Nthawi zina chimbale chili bwinobwino, chosowa ndi pulogalamu. Kuyambira pa Windows 8, kanema wa DVD saseweredwa popanda pulogalamu yapadera. VLC, imene ndi yaulere, imamusewera. Wailesi zakale nazo siziwerenga mafayilo a MP3, zimafuna chimbale chobenedwa ngati Audio CD.

Chikangotseguka

Musayambe ndi kuonera. Koperani zonse mu kompyuta nthawi yomweyo, chifukwa chimbale chimene chayamba kuvuta sichichira. Fayilo imodzi ikakana, idumpheni mupulumutse zotsalazo. Zolemba za komiti ndi za sukulu ndi amana, zinthu zimene anthu anatisungitsa. Zikhale pa malo osachepera awiri, monga pa kompyuta ndi pa fulashi yosungidwa m'chipinda china.

Ntchito ya ophunzira

Pemphani makolo akuonetseni zimbale za kunyumba. Lembani mtundu wa chilichonse ndi zimene zilimo, ndipo muchonge zimene zilibe pena posungidwa. Kenako yankhani funso ili: chimbale chikuwerengeka pa kompyuta imene inachibena koma pa ina chikuoneka chopanda kanthu. Vuto lingakhale chiyani, ndipo mungalithetse bwanji? Mubweretse mayankho anu m'kalasi ya Computer Studies.