Msana wa wodwala khansa ukamawawa

Amai anzanga, ambiri a ife tadwazikapo munthu amene adokotala anati khansa yake yafalikira m'thupi. Kuyambira tsiku limenelo, chilichonse chimene wodwalayo adandaula timachikankhira pa khansa. Akati msana, timangoti ndi matenda omwewo, apirire. M'phunziro lino tione za msana, chifukwa ndi dandaulo limene timalimva kawirikawiri pozonda odwala. N'zoona kuti khansa imatha kufika m'mafupa a msana. Koma pali zowawa zambiri zimene sizichokera ku khansa, ndipo zina mwa izo zili ndi mankhwala pakiliniki yapafupi.

Tiyambe ndi msana weniweniwo. Uli ndi mafupa 33 osanjikizana, ndipo pakati pa ambiri a iwo pali tinyama tofewa tonga mtsamiro. Amai amene agwira khasu zaka 40, asenza ndowa ndi nkhuni, abereka ana kumbuyo, msana wawo unayamba kutopa khansa isanabwere. Tsopano onjezani kugona. Munthu akakhala chigonere masabata angapo, minofu yogwira msana imafooka ndi kuuma. Ululu wotere umakula akagona mbali imodzi nthawi yaitali, ndipo umachepa mukamtembenuza. Mtembenuzeni pa maola 2 aliwonse ngati satha yekha. Akagona chammbali ikani pilo kapena chitenje chopinda pakati pa mawondo, akagona chagada chiikeni kunsi kwa mawondo. Ngati angathe, mtulutseni akhale pakhonde, ayende pang'ono mutamgwira. Posambitsa yang'anani khungu la kumapeto kwa msana, pamwamba pa matako. Pa khungu lakuda chilonda chikamayamba sipaoneka kufiira. Pamangoda kuposa pena, pamatentha kapena kulimba.

Chachiwiri ndi nkhani imene timachita nayo manyazi, ndiyo kudzimbidwa. Morphine ndi mankhwala abwino, ndipo wodwala asamanidwe chifukwa cha mantha athu. Koma pafupifupi aliyense womwa morphine, codeine kapena tramadol matumbo ake amayenda pang'onopang'ono. Wodwala amadyanso pang'ono, amamwa madzi ochepa, sayenda. Chimbudzi chimauma ndi kudzaza m'matumbo, ndipo ululu wake umamveka m'mimba ndi m'munsi mwa msana. Wodwazika akaona zimenezi amapempha kuti morphine awonjezedwe, ndipo kudzimbidwa kumakula. Nthawi zina timadzi timadutsa m'mbali mwa chimbudzi choumacho, banja n'kuganiza kuti watsegula m'mimba, n'kumpatsa mankhwala omanga. Apa vuto lafika poipa. Mpongozi sangafunse apongozi ake aamuna kuti anapita liti kuchimbudzi, tikudziwa mwambo wathu. Choncho pezani munthu woyenera kufunsa, koma funso lifunsidwe tsiku ndi tsiku. Pakapita masiku 3 osachita, auzeni anamwino. Polandira morphine pemphani ndi mankhwala ofewetsa m'mimba pomwepo, ndipo kunyumba mpatseni madzi pafupipafupi, papaya wakupsa, mango, phala la mgaiwa. Koma ngati mimba yatupa, akusanza, ndipo ngakhale mpweya sutuluka, musampatse chotsegula m'mimba chilichonse. Pitani naye kuchipatala.

Impso zili kumbuyo, kunsi kwa nthiti, ina kumanja ina kumanzere. Tizilombo tikakwera kuchoka m'chikhodzodzo, munthu amamva kuwawa mbali imodzi ya msana, thupi limatentha, amanjenjemera, mkodzo umaotcha kapena kununkha. Zimachitika kwambiri kwa amene anaikidwa paipi ya mkodzo. Kwa okalamba chizindikiro choyamba chingakhale kusokonezeka mutu. Ambiri timathamangira kuganiza za malungo, ndipo n'koyenera kuyezetsa, koma pemphani kuti ayeze ndi mkodzo. Munthu amene akulandira chemotherapy thupi likatentha kufika madigiri 38, apite tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Palinso mashingozi. Amayamba ndi ululu wotentha ngati moto mbali imodzi, kuchoka pamsana kuzungulira kunthiti, ndipo patapita masiku ochepa matuza amatuluka pamzere womwewo. Mankhwala a aciclovir amathandiza kwambiri akayambidwa masiku 3 asanathe chitulukire matuza. Musapakepo phulusa kapena mankhwala otsukira mano.

Kuno kwathu tisaiwale TB. Bungwe la WHO linanena mu 2020 kuti amai amene ali ndi HIV ali pa ngozi ya khansa ya khomo la chiberekero kasanu ndi kamodzi kuposa amai ena. Amai omwewo TB imawagwira mosavuta, ndipo TB simangokhala m'chifuwa, imadyanso mafupa a msana. Munthuyo angakhale sakutsokomola n'komwe, koma amatuluka thukuta usiku, amaonda, ndipo nthawi zina pamsana pamatuluka kalinunda. Kuonda ndi thukuta zimabweranso ndi khansa, n'chifukwa chake TB imabisala bwino mwa odwala awa. TB imachizika, ndipo mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma. Komanso mankhwala ena ofunika monga dexamethasone ndi prednisolone, akamwedwa miyezi yambiri, amafooketsa minofu ndi mafupa, makamaka mwa amai amene anasiya kusamba. Fupa la msana lingathe kuphwanyika pongowerama. Musasiyitse mankhwalawa mwadzidzidzi, kambiranani ndi adokotala.

Tsopano mverani bwino, chifukwa pali ululu umodzi umene suyenera kudikira tsiku la ndandanda. M'kati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Chotupa kapena fupa lophwanyika likaupanikiza, munthu angafe miyendo m'masiku ochepa, mwina m'maola. Zimachitika kwambiri pa khansa ya bere, ya prostate, ya m'mapapo ndi myeloma. Ululu wake ndi watsopano kapena wokulirakulira, umamanga thupi ngati lamba, umakula usiku, pogona chagada, potsokomola kapena poyetsemula. Kenaka miyendo imalemera, munthu amapunthwa, amamva dzanzi kumapazi kapena pakati pa ntchafu, mkodzo umakana kutuluka kapena umangotuluka wokha. Mukaona chimodzi mwa izi, mgonekeni mowongoka, musamkweze pa njinga atakhala, funani galimoto tsiku lomwelo. Kaya ndi ku Nyanje, ku Kamoto, ku St Francis ku Katete kapena ku Chipata Central, nenani pakhomo pomwe kuti ali ndi khansa ndipo miyendo yayamba kufooka. Angayambe kumpatsa mankhwala ochepetsa kutupa, ndipo iwo ndiwo adzaona ngati n'kofunika kumtumiza ku Lusaka, kumene kuli Cancer Diseases Hospital, chipatala chimene chinatsegulidwa mwalamulo mu 2007. Amene wafika akuyendabe ali ndi mwayi waukulu wopitiriza kuyenda. Amene wagona sabata miyendo itafa, kawirikawiri siyibwerera.

Pa za mankhwala a m'sitolo, ine ndimaona kuti timawapeputsa. Brufen ndi diclofenac amapweteka impso ndi m'mimba, makamaka akaphatikizana ndi dexamethasone, kotero asamwe popanda kufunsa. Panado wa 500 mg asapitirire mapiritsi 8 pa maola 24, ndipo woonda kwambiri kapena wa chiwindi chodwala ayenera ochepera apo. Kusisita ndi mafuta mofatsa m'mbali mwa msana kumatonthoza, koma osakanikiza pafupa, osathowa ndi madzi otentha pamene pali dzanzi kapena pamene anaotchapo ndi makina. Mphini zimatsegula khomo la tizilombo pa thupi lopanda chitetezo.

Popita kukiliniki, nyamulani kope la sukulu limene mwalembamo tsiku limene ululu unayamba, malo ake enieni poloza ndi chala, chimene chimaukulitsa ndi chimene chimauchepetsa, tsiku lomaliza kuchita chimbudzi, ndi m'mene mkodzo ukuyendera. Tengani mankhwala onse m'kathumba, ngakhale achikuda, ndipo pemphani kuti amvule malaya amuone pamsana.