Chipata cha Olemba Mapulogalamu: Kodi Chimatsegukira Onse Mofanana?

 Makalata amene afika m'manja mwanga sabata ino, ngakhale achokera kumadera otalikirana, ndiponso kwa anthu amene sanaonanepo nkhope, akudandaula chinthu chimodzi: akuti magulu a pa intaneti a anthu olemba mapulogalamu a kompyuta, amene amalengeza kuti khomo lawo n'lotsegukira aliyense, amaika malamulo oti munthu ayambe wakwaniritsa asanaloledwe kuikapo dzanja lake, ndipo eni makalatawa afuna kudziwa ngati malamulowo ali olungama. Ndasankhapo makalata atatu.

Yoyamba yachokera kwa mnyamata wina wophunzira ku Zomba, ndipo akuti: "Bambo, ndinalembetsa pa Stack Overflow, ndipo nditaona yankho lina lili ndi cholakwika choonekeratu, ndinafuna kulemba ndemanga pansi pake kuti ndichenjeze ena, koma makina anandikaniza, akuti mapointi anga ndi osakwanira. Kodi zoona zimafuna mapointi?"

Mwana wanga, zoona sizifuna mapointi, ndipo kuwawidwa kwa mtima wako ndakumva. Koma tiyambe taona chimene lamulolo likutchinga. Jeff Atwood ndi Joel Spolsky, pamene anakhazikitsa malo amenewa m'chaka cha 2008, analola munthu aliyense, ngakhale wofika tsiku lomwelo, kufunsa funso ndi kupereka yankho. Zimene anatsekera mlendo ndi zina, ndipo kwa zaka zambiri muyeso wakhala wakuti kuvotera yankho labwino kumafuna mapointi 15, kulemba ndemanga pa zolemba za ena kumafuna 50, ndipo kukonza zolemba za mnzako popanda wina kuziunika kumafuna 2,000. Chifukwa chake n'chakuti funso ndi yankho zimaonekera poyera, anthu ambiri amaziwerenga ndi kuziweruza, pomwe ndemanga imabisala pansi, ndipo m'menemo ndi mmene otsatsa malonda achinyengo ndi olalata akadathira zinyalala zawo usana ndi usiku, akadapanda kutchingidwa. Tsono popeza voti imodzi pa yankho lako imakupatsa mapointi 10, mavoti asanu okha akukwanira kukutsegulira; ndipo ngati cholakwika chimene unachiona chili chachikulu, lemba yankho lako lathunthu lofotokoza njira yoyenera, pakuti khomo limenelo palibe anakutsekera.

Komatu sindikubisira kuti muyesowu, ngakhale pa pepala uli wofanana kwa onse, sulemera mofanana pa mapewa a onse. Iwo amene anafika m'zaka zoyambirira anapeza mafunso osavuta ali mbwee, nawayankha, ndipo mayankho amenewo akuwakololerabe mapointi kufikira lero iwo ali m'tulo; iwe wofika mochedwa ukafunsa amakuuza kuti linafunsidwa kale, ukafuna kuyankha upeza otsala ndi ouma okhaokha, ndipo pamene ukusanja Chingerezi chako, magetsi atazima, bandulo ikutha, wina wa ku London wayankha kale. Eni ake a malowo anavomera poyera m'chaka cha 2018 kuti sanali kulandira bwino ongoyamba kumene, amayi, ndi anthu a khungu losakhala loyera. Chigamulo changa tsono n'chakuti lamulo la mapointi 50 lili ndi chifukwa chomveka, koma akulu a kumeneko asamayese kuchuluka kwa mapointi awo ngati umboni wakuti nzeru zawo ziposa za mlendo, pakuti makolo anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Kalata yachiwiri, imene ndikhalitsapo chifukwa yandikhudza kwambiri, yachokera kwa mayi wina wa ku Mzuzu amene amasamala makompyuta a pa ntchito pawo. Iwo akuti: "Ndakhala ndikutumiza zigamba zokonzera zolakwika ku Debian, ndipo zina zinalandiridwa. Koma nditafunsa za kukhala membala weniweni, ndinamva kuti pamafunika wondichitira umboni, mayeso, ndiponso kuti kiyi wanga asainidwe ndi mamembala amene anandionapo maso ndi maso. Ine kuno kumpoto membala wotere ndikampeza kuti? Kodi limeneli si tsankho lovala jekete?"

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu yolembedwa mwaulemu ngakhale mtima uli wolemedwa. Ndiloleni ndiyambe ndafotokozera omvera ena chimene tikunena. Debian ndi gulu la anthu ongodzipereka, limene Ian Murdock analiyambitsa m'chaka cha 1993, ndipo limasonkhanitsa mapulogalamu zikwizikwi aulere kukhala dongosolo limodzi loyendetsera kompyuta. Ubuntu, amene ambiri a inu mumamudziwa, anamangidwa pa maziko a Debian yemweyo. Munthu akakhala membala wathunthu, amapatsidwa mphamvu yoika pulogalamu m'nkhokwe ya gululo, ndipo pulogalamuyo imatsikira m'makompyuta osawerengeka a m'masukulu, m'makampani ndi m'maboma, amene eni ake amailandira osaifunsa mafunso, chifukwa chokhulupirira dzina la Debian. Mphamvu yotere, mayi, siperekedwa kwa munthu chifukwa chakuti waipempha mwaulemu.

Ndipo kuti musayese kuti ndikukuopsezani ndi nthano, tamverani zimene zinachitikira kapulogalamu kotchedwa xz, kamene kamapanikiza mafayilo kuti achepe, ndipo kali m'makompyuta pafupifupi onse oyendera Linux, amenenso ndi maziko a Debian. Kanali m'manja mwa munthu mmodzi wongodzipereka, wotopa ndi katundu wosenza yekha. M'chaka cha 2021 kunatulukira wina wodzitcha Jia Tan, amene palibe anamuonapo nkhope, nayamba kutumiza zigamba zabwino, modekha ndi mofatsa, mwezi ndi mwezi, kufikira anakhulupiriridwa napatsidwa udindo wosamala nawo pulogalamuyo. Ndipo atakhazikika, kumayambiriro kwa 2024, anabisamo kakhomo kachinsinsi kolowera m'makompyuta a eni ake. Chimene chinapulumutsa anthu n'chakuti katswiri wina, Andres Freund, anadabwa kuona kuti kulowa m'kompyuta yake kudzera pa SSH, njira yolowera m'kompyuta uli kutali, kukuchedwa ndi theka la sekondi, nalondola chifukwa chake kufikira anavumbula chiwembucho pa 29 Malichi 2024, chisanafalikire ponseponse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene amva nkhani imeneyi sangathenso kunena kuti kufunsa munthu kuti ndiwe yani, ndipo akukudziwa ndani, ndi nkhanza chabe.

Pa chifukwa chimenechi, wokuchitirani umboni ndi mayeso a chiphunzitso ndi luso la gululo ine sindiziona cholakwa. Kwathu kuno mkamwini akafika pamudzi, akuluakulu amayamba aona kagwiridwe kake ka khasu ndi kayankhulidwe kake asanamuloze munda wakewake, ndipo palibe amati amuzonda. Koma akadamuuza kuti akatenge mboni kutsidya la nyanja ya mchere, pamenepo tikadati akumukana mochenjera. Apa ndi pamene dandaulo lanu, mayi, lili ndi mphamvu. Mwambo wakale unali wakuti munthu akumane ndi mamembala osachepera awiri, awaonetse pasipoti kapena chiphaso china cha boma, iwo n'kusainira kiyi wake wa OpenPGP, wotsimikizira kuti zimene watumiza ndi zakedi. Ndipo chinthu chimenechi, chimene kwa munthu wa ku Berlin kapena ku Cambridge chinali ulendo wa madzulo amodzi, kwa munthu wa ku Mzuzu chinali tikiti ya ndege, viza, ndi malipiro a miyezi ingapo. Lamulo limeneli silinali kuyesa luso lanu kapena kukhulupirika kwanu. Linali kuyesa mtunda ndi thumba, zinthu zimene simungazisinthe ndi khama la manja anu, ndipo lamulo lililonse lochita motero, ngakhale olikhazikitsa analibe mtima woipa, ine ndilitcha losalungama.

Koma ndili ndi uthenga wokutonthozani. M'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utatsekera anthu onse m'nyumba, ndipo a ku Ulaya nawonso atalawa kuwawa kwa kulephera kukumana, oyang'anira umembala wa Debian anatsegula njira yachiwiri, yakuti membala amene wagwira nanu ntchito nthawi yaitali, nalandira makalata ndi zigamba zosainidwa ndi kiyi wanu, akhoza kuchitira umboni kiyiyo ngakhale sanakuoneni maso. Zimandimvetsa chisoni kuti panafunika mliri kuti kulira kwa akutali kumveke, koma khomo linatseguka ndithu. Dziwaninso kuti kuyambira 2007 pali udindo wapakati wotchedwa Debian Maintainer, umene umalola munthu kusamala mapulogalamu owerengeka amene wapatsidwa asanakhale membala wathunthu. Ndi kuti m'chaka cha 2010 gululo linavota kulandira ngati mamembala anthu omasulira, olemba malangizo ndi okonza misonkhano, ngakhale asakuika mapulogalamu m'nkhokwe. Ndipo musayese kuti Africa ndi mlendo kumeneko: msonkhano wawo waukulu wa pachaka, DebConf, unachitikira ku Cape Town m'chaka cha 2016, ndipo Jonathan Carter wa ku South Africa anatsogolera gulu lonselo kuyambira 2020 kufikira 2024. Chotero kuyambira lero sainani kalata iliyonse ndi chigamba chilichonse ndi kiyi mmodzi yemweyo, dziphatikeni ku kagulu kamodzi kosamala mapulogalamu amene mumawadziwa bwino, ndipo amene akhala akulandira zigamba zanu muwapemphe mosaopa kuti akuchitireni umboni.

Kalata yachitatu yachokera kwa aphunzitsi ena a ku Blantyre, ndipo ndi yaifupi koma yakuthwa: "Ndamva kuti pali anthu amene anachotsedwa m'magulu otere osati chifukwa cha zochita zawo, koma chifukwa cha sukulu yawo kapena dziko lawo. Kodi n'zoona, ndipo inu mukuti bwanji?"

Aphunzitsi, n'zoona, koma nkhanizi ndi ziwiri zosiyana, ndipo tisaziphike mumphika umodzi. M'mwezi wa Epulo 2021, Greg Kroah-Hartman, mmodzi wa akuluakulu osamala Linux, analetsa zopereka zonse zochokera ku University of Minnesota, chifukwa ofufuza ena a pasukulupo anali atatumiza dala zigamba zokhala ndi zolakwika, pofuna kuyesa ngati oyang'anira angazigwire, osawapempha chilolezo anthu amene anali kuwayesawo. Mkwiyo wake unali womveka, pakuti anthu ongodzipereka, amene amaunika ntchito za ena usiku ataweruka, anasandutsidwa zoyeserera osadziwa. Komabe pamene zigamba zakale zoposa 400 za pasukulupo zinaunikidwanso, zochuluka zinapezeka zabwino, zolembedwa ndi mtima woona. Anthu amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Koma mwambi umenewu umanena zimene zimachitika, sulamula kuti woweruza azichita motero. Chiletsocho ndichivomereza ngati kutseka khomo kwa kanthawi pamene mwininyumba akufufuza, ndiponso ngati njira yokakamiza sukuluyo kukonza kayendetsedwe ka kafukufuku wake. Koma wophunzira wosalakwa wa pasukulupo anasenza mtolo wa mnzake, ndipo zimenezo tisazitche dzina lina.

Nkhani ya maiko ndiyo yolemera koposa, chifukwa m'menemo dzanja logwira chitseko si la olemba mapulogalamu, koma la boma. M'chaka cha 2019 kampani ya GitHub, imene imasunga ntchito za anthu miyandamiyanda ndipo ili pansi pa malamulo a United States, inachepetsa zimene anthu okhala ku Iran, Syria ndi Crimea akanatha kuchita pa malo ake, potsata zilango za zamalonda zimene boma limenelo linaika. Ndipo anthu a ku Iran anawatseguliranso mu Januwale 2021, kampaniyo itachonderera boma nilandira chilolezo. Mu Okutobala 2024 mayina oposa 10 a anthu a ku Russia anachotsedwa pa mndandanda wa osamala zigawo za Linux, poyamba ndi mawu ochepa osamveka bwino, ndipo pambuyo pake m'pamene kunafotokozedwa kuti nkhani yagona pa makampani owalemba ntchito, amene ali pa mndandanda wa olangidwa ndi boma la America. Sindinganene kuti atsogoleri a GitHub ndi Linux akadaphwanya lamulo la dziko limene mabungwe awo akhazikikamo, pakuti akadatero akadaika ntchito yonse pa moto. Chimene ndiwadzudzula nacho n'chakuti anthu amene anatumikira zaka zambiri mokhulupirika anayenera kuuzidwa chifukwa chenicheni pa tsiku loyamba, kuthokozedwa poyera, ndi kusonyezedwa chimene angachite kuti abwerere.

Ndipo kwa inu aphunzitsi, amene mukulera ana amene mawa adzagogoda pa zitseko zimenezi, pempho langa ndi ili: aphunzitseni kusunga makope a ntchito zawo pa makompyuta awo ndi a sukulu, osadalira nkhokwe imodzi ya kampani ya kunja, popeza chida cha Git, chimene Linus Torvalds anachilemba m'chaka cha 2005, chinapangidwa mwakuti aliyense wotenga kope amatenga pamodzi ndi mbiri yonse ya ntchitoyo. Nthawi yathu yathera pamenepa; makalata otsala, kuphatikizapo ya bambo wa ku Chipata yofunsa za mapepala osainira umwini wa pulogalamu, tidzawayankha sabata ya mawa.